Dzina ndi la Ram, koma chothamanga ndi china

Anthu akaona pa kanema galimoto ya matayala aatali ngati munthu ikudumpha m'mwamba, amandifunsa funso limodzi lomwelo: kodi pikapu yotere amagulitsa kuti? Yankho langa ngati makaniko ndi lakuti samagulitsa. Ku America, kumene masewerawa anabadwira, zimphonazi amazitcha monster truck, ndipo iliyonse imapangidwa payokha m'galaja, chitsulo ndi chitsulo. Kuti timvane bwino, tiyeni titenge imodzi yotchedwa Raminator.

Eni ake ndi munthu ndi mbale wake, Tim ndi Mark Hall, a timu ya Hall Brothers Racing ya ku Champaign m'chigawo cha Illinois. Raminator inayamba kupikisana mu 2002 ndi thandizo la ndalama lochokera ku kampani ya Dodge, ndipo mapikapu a Ram atapatulidwa kukhala mtundu paokha mu 2009, dzina la Ram ndi lomwe linapitiriza. Ili ndi inzake yotchedwa Rammunition. Ukaiyang'ana kutsogolo umaona nkhope ya pikapu ya Ram. Komatu nkhopeyo ndi chigoba chabe cha fiberglass, chopepuka, chomangidwa ndi mabawuti kuti chikasweka achotse n'kuikapo china. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya jezi ya timu ya mpira: kunyamula dzina la amene akulipira.

Mukavula chigobacho mumapeza khola la mapaipi achitsulo owotcherera. Woyendetsa amakhala pakatikati, atamangidwa malamba mpaka mutu sutha kugwedezeka kwambiri. Injini ili kumbuyo kwake, osati kutsogolo. Ya Raminator ndi yamtundu wa Hemi, ya malita opitirira 9, yokhala ndi supercharger yokankhira mpweya m'kati, ndipo imatulutsa mphamvu pafupifupi 2,000 horsepower. Simwa petulo kapena dizilo, imamwa methanol. Tayala lililonse ndi lalitali mainchesi 66, pafupifupi mamita 1.7, ndipo m'lifupi ndi mainchesi 43. Matayala otere poyamba anali a makina a m'minda ikuluikulu, monga othira feteleza.

Chimene ine chimandigwira mtima si injini ayi. Mphamvu aliyense angagule akakhala ndi ndalama. Luso lenileni lili pa zimene zimalandira galimoto ikamatera. Taganizani matani pafupifupi asanu akugwa kuchokera m'mwamba. Bigfoot ya Bob Chandler wa ku St. Louis, imene inayamba kuponda magalimoto akutha mu 1981, inali pikapu yeniyeni ya Ford F-250 yokhala pa masipuling'i olimba, ndipo magalimoto a nthawi imeneyo akatera, msana wa woyendetsa ndi umene unkamva. Mu 1989 Chandler anatulutsa Bigfoot 8 ya khola la mapaipi ndi ma shock absorber a mpweya wa nitrogen, otha kufupika ndi kutalika kwambiri. Chaka chotsatira Andy Brass anatenga nayo chikho cha mpikisano wa TNT. Raminator ndi zinzake zonse za lero zinatsata njira imeneyo.

Pa mpikisano wa liwiro amaika magalimoto awiri mbali ndi mbali, wogonja n'kutuluka, wopambana n'kupita patsogolo mpaka atatsala mmodzi. Zimatha m'masekondi ochepa. Woyendetsa amagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, pomwe dzanja linalo lili pa kaswitchi kokhotetsa matayala akumbuyo. Akachedwa pang'ono kukakankha, galimoto imatenga khona motalika ndipo mnzake wadutsa kale. Akafulumira kwambiri, imatukula matayala awiri n'kugudubuzika. Podumpha, wanzeru safuna kukwera kwambiri, chifukwa tayala lili m'malere silikoka kanthu. Apa ndi pamene Mark Hall anadziwika: woyendetsa wosataya nthawi m'mwamba, amene wapambana zikho zambiri pa mipikisano ya liwiro. Palinso gawo lina lotchedwa freestyle, la kudumpha ndi kuzungulira pamaso pa opereka mapointi, koma limenelo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ena amati kampani ikaika dzina pa galimoto yosakhala yake ndiye kuti ikunamiza anthu. Ine sindikugwirizana nazo. Palibe amene amabisa za chigoba chija, ndipo popanda ndalama za kampani masewerawa sangayende. Ma axle amathyoka, injini imafuna kuphwasulidwa pafupipafupi, lole yonyamula chimphonacho imayenda mitunda yaitali chaka chonse. Ndalama zomwezo ndi zimene zimagula chitetezo. Galimoto iliyonse ili ndi kachipangizo kolola woyang'anira mpikisano kuzimitsa injini ali patali galimotoyo ikangoyamba kulowera kwa anthu. Kampaninso imapindula: Raminator imaikidwa pa malo ogulitsira magalimoto a Ram, makolo n'kubwera ndi ana kudzaiona, ali komweko n'kuyang'ananso mapikapu enieni.

Pa 15 Disembala 2014, pa bwalo la Circuit of the Americas ku Austin, Texas, Mark Hall anathamangitsa Raminator pa liwiro la mamailosi 99.10 pa ola, omwe ndi makilomita opitirira 159, ndipo a Guinness World Records anavomereza kuti palibe monster truck imene inafikapo pamenepo. Kwa wosadziwa, liwiro limenelo lingaoneke wamba. Koma matayala ofewa aja sanapangidwire tala, ndipo galimoto yaitali chotere ikayamba kugwedezeka pa liwiro limenelo kuibweza n'kovuta. Mbiriyi inaima mpaka 2020, pamene Bryce Kenny anadutsa mamailosi 100 pa ola ndi Mohawk Warrior, galimoto yonyamula dzina la Great Clips, kampani yometa tsitsi.