Pamene Dziko la Philippines Linagwa M'manja mwa Japan

Pa 8 Disembala 1941, patangopita maola owerengeka chiphulitsireni doko la Pearl Harbor, ndege za Japan zinagwetsa mabomba pa bwalo la ndege la Clark, pa chilumba cha Luzon. Umo ndi mmene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inafikira anthu a ku Philippines.

Dzikoli linali pansi pa America kuyambira mu 1898, ndipo linali litalonjezedwa ufulu wodzilamulira. Chimene Japan ankafuna kwenikweni ndi mafuta a ku Dutch East Indies, dziko limene lero likutchedwa Indonesia. Popeza zilumba za Philippines zinali panjira ya zombo zopita kumeneko, Japan sakanalola kuti asilikali a America akhalebe pamenepo.

Pa 22 Disembala gulu lalikulu la nkhondo linatsikira pa gombe la Lingayen, ndipo pa 2 Januwale 1942 mzinda wa Manila unalandidwa. Mkulu wa asilikali, Douglas MacArthur, anabweza anthu ake ku Bataan, kumene njala ndi malungo zinawafoola kufikira anagonja pa 9 Epulo. Akaidi oposa 70,000, ambiri mwa iwo eni dziko, anayendetsedwa pansi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 padzuwa loswa mtengo. Wogwa panjira ankabayidwa kapena kuwomberedwa pomwepo, ndipo anafa ambirimbiri.

Mu Okutobala 1943 Japan anakhazikitsa boma la José Laurel nalitcha lodziimira palokha, koma mphamvu zenizeni zinali ndi asilikali. Mpunga unkalandidwa m'midzi. Ndalama za pepala zimene Japan anasindikiza zinatha mphamvu, kotero kuti mayi ankasenza dengu la ndalama pokagula chakudya chochepa. Anthu otopa ndi nkhanzazi anathawira m'mapiri n'kumamenya nkhondo yobisalira, monga gulu la alimi la Hukbalahap limene Luis Taruc analitsogolera kuyambira mu 1942.

MacArthur anabwerera pa 20 Okutobala 1944, natsikira pa chilumba cha Leyte, chaka chomwecho pamene asilikali a ku Nyasaland ankalimbana ndi Japan ku Burma. Nkhondo yolanditsa Manila, kuyambira mu Febuluwale mpaka Malichi 1945, inapha anthu wamba pafupifupi 100,000: ena anaphedwa ndi asilikali a Japan, ena ndi mizinga ya America. Ufulu umene unalonjezedwa uja unadza pa 4 Julayi 1946, likulu la dzikolo likadali bwinja.