ANADIKIRA UBUSA KUYAMBIRA 1894 MPAKA 1911

M'mwezi wa March caka ca 1911 Misyoni ya Blantyre inadzoza a Harry Kambwiri Matecheta ndi a Stephen Kundecha kukhala abusa a mpingo. Iwowa ndiwo anali anthu akuda oyamba kulandira udindowo pa Misyoni imeneyi, ndipo pamenepo nkuti itakhala m'dziko muno pafupifupi zaka 35, pakuti inakhazikitsidwa mu 1876. Tsikulo linali la cikondwerero ndithu. Koma wofufuza bwino apeza kuti a Matecheta anapatulidwa kale kukhala mtsogoleri m'caka ca 1894, ndipo mpoyenera kufunsa cimene cinawacedwetsa.

Nkhani iyambira pa Mbusa David Clement Scott, amene anafika ku Blantyre mu 1881. Iye anapeza Misyoni iri ndi mbiri yoipa, cifukwa Azungu oyamba aja anadziyesa oweruza milandu, nakwapula anthu ndi zikoti, kufikira akuru a mpingo ku Scotland anacotsa ena mwa iwo pa nchito. Scott anatsata njira yina. Anaphunzira Cimang'anja kotero kuti analemba buku lalikuru la matanthauzo a mau, losindikizidwa mu 1892. Milandu anali kuikamba pabwalo pamodzi ndi mafumu monga mwa mwambo wa eni dziko. Chalichi ca St Michael and All Angels, cimene cikali ciimire, anacimanga kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi manja a anthu akuda amene anaphunzira umisiri wa njerwa pa nchito pomwepo.

Munthu amene waona anzace akumanga nyumba yotere sangakayike kuti angathenso kuweta mpingo wosonkhana m'menemo. Tsono mu 1894 Scott anapatula anyamata asanu ndi awiri kukhala madikoni, nawaphunzitsa yekha, nawapatsa mphamvu ya kumva milandu ya Akristu. Mwa iwo munali a Mungo Murray Chisuse, mmisiri wa kusindikiza mabuku ndi kujambula zithunzi. A John Gray Kufa, wothandiza dotolo m'cipatala, amene pambuyo pace anatumidwa kukayamba nchito pakati pa Alomwe m'dziko la Apwitikizi. Ndi a Matecheta.

A Matecheta anali Myao wa ku Nguludi. Mu 1893 anaoloka Shire kunka ku Nthumbi, m'dera la Ncheu, pamodzi ndi amai awiri acizungu. Mmodzi wa iwo ndiye Alice Werner, amene pambuyo pace anaphunzitsa zinenero za mu Afrika ku London. Tiyenera kukumbukira kuti limeneli linali dziko la Angoni a Gomani, omwewo amene nkhondo yao inasakaza midzi ya ku mapiri a Blantyre mu 1884. Kwa Myao ulendo wotere sunali wamasewera. Amai aja sanakhalitse, koma mnyamatayo anatsala, nasunga sukulu ndi mapemphero, ngakhale m'masiku oopsa a 1896, pamene asilikari a Boma la Angerezi anagwira Gomani namupha. Nchito yonse ya mbusa anali kuigwira, kupatula kubatiza ndi kugawa Mgonero. Pa zimenezi anthu ace anali kudikira Mzungu kuti acokere kutali.

Ogwira nchito za Boma ndi aphunzitsi adziwa bwino kuwawa kwace kwa kugwirizira mpando zaka zambiri, dzina ndi malipiro ziri kwa wina.

Maganizo a Scott sanakondweretse onse. Azungu a minda anadandaula kuti alikudzikuzitsa anthu akuda, ndipo ena mwa anzace a pa Misyoni anamneneza ku Scotland, kotero kuti mu 1897 kunabwera akuru kudzafufuza. Nkuti mkazi wace ndi mbale wace, Dotolo William Affleck Scott, atamwalira onse awiri mu 1895. Anacoka mu 1898 thupi litafooka, nakamwalira ku Kikuyu, m'dziko la Kenya, mu 1907.

Amene analowa m'malo mwace, Dotolo Alexander Hetherwick, sanali mdani wa anthu akuda, pakuti anawanenera kawirikawiri pamaso pa Boma. Koma anali munthu woyenda pang'onopang'ono, wokonda dongosolo la mpingo wa kwao. Madikoni aja anasanduka akuru a mpingo wamba, ndipo mphamvu yeniyeni, ndiyo ya ndalama, ya masukulu ndi ya kutuma anthu ku malo a nchito, inakhala m'bungwe la amisyoni m'mene munalibe wakuda ndi mmodzi yemwe. Cotero cimene cinacedwa si nzeru za a Matecheta ai, koma mtima wa iwo oyenera kusanjika manja. Ndipo si ku Blantyre kokha. Ku Livingstonia abusa oyamba, a Yesaya Zerenji Mwasi, a Jonathan Chirwa ndi a Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914, pamene a Charles Domingo, amene anatsiriza maphunziro a ubusa iwo asanatero, anali atatopa nkucokamo osadzozedwa.

M'zaka zomwezo anthu a ku Chiradzulu anali kuona a John Chilembwe, amene anabwera kucokera ku America mu 1900 ali mbusa wodzozedwa kale, akubatiza okha ndi kumanga chalichi cao ku Mbombwe. A Kufa anagwirizana nao, ndipo zipolowe za mu January 1915 zitalephera, Boma linawanyonga. Mmodzi wa asanu ndi awiri a Scott anathera pa cingwe.

A Matecheta anakhalabe mu mpingo wao. Atadzozedwa anatumikira ku Mlanje, nabwereranso kwa Angoni, ku Bemvu. Mu 1933 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Presbitare ya Blantyre, wakuda woyamba kukhala pa mpandowo, ndipo mu 1951 anasindikiza kabuku ka mbiri ya ciyambi ca Misyoni monga anaionera ndi maso ao. Anamwalira mu 1962, caka comwe a Jonathan Sangaya anakhala Mlembi Wamkuru woyamba wakuda wa Sinodi ya Blantyre.