Thukuta, ludzu ndi madzi pa tsiku la mpikisano wothamanga

Munthu wa ku Mandeya, m'chigwa cha Honde kum'mawa kwa Zimbabwe, chitunda sichimuopsa. Wothyola tiyi ku Aberfoyle kapena ku Eastern Highlands amakwera ndi kutsika tsiku lonse dengu lili kumsana, ndipo ana a m'maesitetimu, kuphatikizapo zidzukulu za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito kalekale, amakula ndi miyendo yolimba. N'chifukwa chake kalabu ya othamanga ikamalembetsa anthu opita kumpikisano wa makilomita 21.1, monga Tanganda Half Marathon ya ku Mutare, imene dzina lake ndi la kampani ya minda ya tiyi ya ku Chipinge, mnyamata wa m'chigwamu amangoti n'zazing'ono. Miyendo ingathedi. Koma chimene chimagonetsa othamanga m'chipatala nthawi zambiri ndi kutentha kwa m'thupi ndiponso kamwedwe ka madzi.

Minofu ikamagwira ntchito, pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a mphamvu zake amasanduka kutentha. Thupi limakutulutsa kudzera m'thukuta, ndipo wothamanga amatha kutaya lita imodzi kapena awiri pa ola. Komatu thukuta limaziziritsa pokhapokha likauma pakhungu. Lochucha n'kudonthera pamsewu limangopita pachabe. Chinyontho chimene chimakometsa tiyi wa ku Honde ndi chomwecho chimene chimalepheretsa thukuta kuuma.

Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukadutsa madigiri 40, ubongo umayamba kusokonezeka. Munthu amayenda dzandidzandi, amalankhula zosamveka, mwina kukalipira anzake popanda chifukwa. Ameneyo musamulimbikitse kuti atsirize. Mugonekeni pamthunzi, muvuleni zovala zothina, muviikeni m'madzi ozizira mutu uli kunja, kapena muzimuthira madzi uku mukumukupiza. Kuziziritsako kuyambe pomwepo, galimoto yopita naye kuchipatala isanapezeke n'komwe, chifukwa theka la ola loyambirira ndi limene limapulumutsa impso, chiwindi ndi ubongo.

Vuto lina ndi limene anthu ambiri salikhulupirira akalimva koyamba: madzi akachuluka m'thupi amapha. Mu 1985, Tim Noakes wa ku University of Cape Town ndi anzake anafotokoza za othamanga mitunda italiitali amene anadwala kwambiri chifukwa chomwa madzi mopitirira muyeso. Ena mwa iwo anali a Comrades, mpikisano wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg umene Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe anadzapambana katatu kotsatizana, mu 2009, 2010 ndi 2011. Munthu akamamwa madzi ambiri kuposa amene akutaya, mchere wa sodium umasukuluka m'magazi n'kuchepa mphamvu. Pa nthawi yothamanga impso sizifulumira kutulutsa mkodzo, choncho madziwo amalowa m'maselo, ndipo ubongo umatupa m'chibade momwe mulibe malo ofutukukira. Mutu umawawa, munthu amasanza, zala zimatupa mpaka mphete kuthina, kenako amatha kukomoka.

Ofufuza amene anayeza magazi a othamanga 488 pa Boston Marathon ya 2002 anapeza kuti 13 mwa 100 aliwonse anali ndi sodium wochepa. Amene vutoli linawagwira kwambiri anali othamanga pang'onopang'ono, otha maola opitirira anayi pamsewu, komanso amene anafika pomaliza akulemera kuposa mmene anayambira. Akatswiri a kutsogolo sakhala ndi mpata woima patebulo lililonse la madzi. Wa kumbuyo, amene wangolowa kumene m'kalabu ndipo aliyense wamulangiza kuti "uzimwa madzi ambiri", ndi amene amatenga kapu iliyonse yomwe wapatsidwa.

Choopsa n'chakuti matenda awiriwa amafanana pamaso. Onse amabwera ndi kusokonezeka mutu, ndipo anthu achifundo amathamangira botolo la madzi. Wotenthedwa thupi nthawi zambiri amakhala wa moto ukamukhudza. Wochulukidwa madzi sakhala wotentha kwenikweni, ndipo anzake amadziwa kuti wakhala akumwa njira yonse. Aliyense mwa awiriwa, ngati sakuzindikira bwino, asamwetsedwe kanthu mokakamiza.

Nanga munthu amwe madzi ochuluka bwanji? Malangizo amene madokotala a zamasewera ambiri amapereka masiku ano ndi akuti uzimwa ukamva ludzu. Kalabu ingathandize mamembala ake ndi sikelo wamba ya pansi (osati yopachika yoyezera masamba a tiyi): aliyense adziyeze asanayambe kukonzekera kwa ola limodzi ndiponso akamaliza. Kilogalamu imodzi yotayika ikuimira pafupifupi lita imodzi ya thukuta. Kuchepako pang'ono si nkhani, koma amene wakwera pasikelo n'kupezeka kuti walemera wamwa mopyola.

Thupi limazolowera kutentha pakatha masiku 10 mpaka 14 munthu akuthamanga pang'onopang'ono nyengo yofunda. Thukuta limayamba kutuluka msanga, ndipo mchere wotayikamo umachepa. Ubwino wina wa kalabu ndi woti wozolowera amagwira mnzake watsopano kuti asatuluke ngati muvi pa makilomita oyambirira, pamene chinamtindi cha anthu chimautsa mtima.

Boma la Mutasa, limene muli chigwa cha Honde, ndi dera la malungo. Amene thupi lamutentha sabata ya mpikisano akayezetse magazi, ndipo asathamange ngakhale ndalama yolembetsera atalipira kale. Chimodzimodzi mapiritsi a brufen, amene ena amameza m'mawa poopa kuphwanya kwa miyendo: amachepetsa magazi opita kuimpso pa nthawi imene impsozo zapanikizika kale ndi kutentha.