Fupa la gogo limayamba kufumbwa asanagwe

Nyengo ya mvula, tinjira totsikira kumadimba a kachewere ku Bembeke timaterera ngati therere. Wachinyamata akagwa amadzuka n'kusasa matope. Gogo akagwa pamalo omwewo amatha kuthyoka fupa la m'nyonga, n'kukagona milungu ingapo pa chipatala cha boma cha Dedza, mwendo utamangiriridwa cholemera kuti fupa lilunzike. Achibale amati ndi ukalamba, ena amaloza zala anansi. Madokotala amati nthawi zambiri ndi matenda a osteoporosis, omwe amafooketsa mafupa mwakachetechete kwa zaka zambiri.

Fupa ndi chinthu chamoyo. M'kati mwake muli maselo a mitundu iwiri: ma osteoclast amene amagumula fupa lakale, ndi ma osteoblast amene amamanga latsopano. Paubwana omangawo amaposa ogumula, ndipo mafupa amafika pachimake munthu akamayandikira zaka 30. Kuchoka apo zinthu zimatembenuka pang'onopang'ono. Mayi akasiya kusamba, mahomoni a estrogen omwe ankaletsa ogumulawo amachepa, ndiye fupa limadyeka m'kati kunja likuoneka labwinobwino. Msana ukayamba kupindika ndi msinkhu kufupika, nthawi zina ndiye kuti timafupa ta msana taphwanyika kale.

Fupa limamangidwa ndi kashiyamu, ndipo apa ndi pomwe mbale ya Mmalawi imaperewera. Kafukufuku wa mu 2015, wa akatswiri a University of Nottingham ndi anzawo a kuno kwathu, adapeza kuti mabanja oposa theka m'dziko muno ali pachiopsezo chosowa michere ngati kashiyamu, komanso kuti michere ya m'mbewu imatsatira nthaka. Nthaka ya Bembeke ndi ya asidi wambiri, n'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa kuthira laimu. Nsima ndi kachewere zimakhutitsa, koma kashiyamu wake ndi wochepa. Ali mu usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, mu bonongwe, chammwamba, soya ndi mkaka. Kuti alowe m'thupi pamafunika vitamini D, yemwe khungu limapanga likawombedwa ndi dzuwa.

Mankhwala ena nawo amakhudza mafupa. Tenofovir, yemwe ali mu ma ARV omwe ambiri amamwa m'Malawi, amapungula fupa makamaka m'zaka zoyambirira. Jakisoni wolera wa Depo amateronso, ngakhale fupa limabwerera mwakale mayi akasiya. Prednisolone womwa nthawi yaitali, fodya ndi kachasu zimaonjezera vuto. Azaumoyo salangiza kusiya ma ARV, chifukwa kachirombo ka HIV kosagonjetsedwa nakonso kamaononga mafupa.

Kafukufuku wafika pafupi. Ku Lusaka ndi ku Harare, ntchito yotchedwa VITALITY idayesa kupatsa vitamini D ndi kashiyamu achinyamata omwe ali ndi HIV, pa msinkhu umene fupa likumangidwa. Ku South Africa, mabanja ena achibunu obadwa ndi mafupa okhuthala mopyola muyeso adathandiza asayansi kutulukira puloteni ya sclerostin imene imaletsa kumanga fupa. Mankhwala oitsekereza, romosozumab, adavomerezedwa ku America mu 2019. Ena akale, monga alendronate, amachepetsa mphamvu ya maselo ogumula.

Makina a DXA opimira mafupa sapezeka m'zipatala za kumidzi, ndipo opaleshoni ya nyonga imafuna ulendo wa ku Lilongwe, komwe kuli chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central. Choncho wa zaka zoposa 50 amene wathyoka dzanja chifukwa chongopunthwa asakhutire ndi chikhakha chokha. Afunse za mphamvu ya mafupa ake onse. Gogo apatsidwe ndodo, nsapato zosaterera ndi tochi ya usiku. Koma chitetezo chachikulu chili pa mtsikana wa zaka 12: zimene akudya lero ndizo zidzamuimiritse akadzafika zaka 70.