Kupeputsa Zithunzi za pa Tsamba la Khonsolo

Tsamba la khonsolo la pa intaneti limathandiza nzika kuona mmene ntchito za mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu zikuyendera. Komabe chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yamakono chimatha kufika mamegabaiti 4. Kumudzi, komwe netiweki imavuta, tsamba lodzaza zithunzi zotere limachedwa kutseguka, bandulo n'kutha munthu asanaone kanthu.

N'chifukwa chake zithunzi ziyenera kupeputsidwa zisanaikidwe patsambalo. Woziika amachepetsa m'lifupi mwake kufika mapikiselo 1,200, kenaka n'kuzisunga ngati JPEG kapena WebP. Zikatero, chithunzi chimatha kutsika kufika makilobaiti 200, koma chikuonekabe bwino pafoni. Choyambiriracho chisungidwe padera, pakuti zochotsedwazo sizibwereranso.

Tsamba likapepuka, ngakhale mlimi wa bandulo yochepa angathe kulondoloza ndalama za chitukuko cha m'dera lake.