Mawotchi a ku Russia Oyenda Popanda Batire

Ambiri a inu, anyamata ndi asungwana, simunaonepo wotchi ya pamkono yoyenda popanda batire. M'kati mwake muli sipuling'i imene mwini wake amaipukusa m'mawa, ndipo iyo pomasuka pang'onopang'ono imayendetsa timagudumu ndi mivi. Pakati pa mawotchi otere, a ku Russia ali ndi anthu owakonda amene amawasonkhanitsa monga ena achitira ndi masitampa.

Mu 1930 boma la Soviet Union linatsegula fakitale ku Moscow ndi makina ogulidwa ku kampani ya ku America yotchedwa Dueber-Hampden. Kumeneko ndiko kunachokera Sturmanskie, wotchi imene Yuri Gagarin anavala pozungulira dziko lapansi pa 12 April 1961. Boma lomwelo linatseka matchalitchi ochuluka ndi kuzunza okhulupirira, koma luso la amisiri ake sitingalikane.

Imene indikondweretsa koposa ndiyo Vostok Amphibia, yopangidwa ku Chistopol kuyambira mu 1967, yotha kumira kufikira mamita 200. Amisiri ake sanalimbane ndi mphamvu ya madzi, koma anailemba ntchito. Munthu akamatsika, madzi amakanikiza galasi ndi chivundikiro cha kumbuyo, ndipo chivundikirocho chimapana mphira wotsekera. Motero kuya komwe kukadalowetsa madzi ndiko kumatseka mipata yonse. Mwana wa Sitandade 8 akhoza kuphunzirapo sayansi yokwanira sabata lathunthu. Palinso Raketa, imene ina mwa mitundu yake ili ndi maola 24 pankhope, yothandiza anthu a kumpoto kwenikweni kumene dzuwa limatha miyezi osalowa.

Zofooka zilipo. Amphibia ikhoza kuthamanga ndi mphindi yathunthu patsiku, ndipo wotchi ya batire ya pamsika imaiposa posunga nthawi. Koma ya pamsikayo ikafa imatayidwa, pamene iyi mmisiri amaitsegula, kuitsuka, kuithira mafuta, niyendanso zaka zambiri. Zipangizo zake sizisowa, pakuti mawotchiwa anapangidwa mamiliyoni.

Wofuna kugula achenjere. Chigwere Soviet Union mu 1991, amalonda ena amalumikiza zidutswa za mawotchi osiyana, napakapo nyenyezi yofiira, nati ndi ya msilikali wakale. Nkhope yowala kwambiri pa wotchi yokalamba ikayikitsa. Musanapereke ndalama, pemphani kuti atsegule kumbuyo, ndipo mmisiri aone ngati makina a m'kati agwirizana ndi dzina lolembedwa pamwamba.