MADONTHO A M'KAMWA MWA KHANDA NDI UDINDO WA PHUNGU

Mayi aliyense wa ku Embangweni, ku Edingeni, ku Jenda kapena pa Boma pa Mzimba amene amapita ndi khanda lake kusikelo amadziŵa za madontho amene namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amathira m'kamwa mwa mwana akakwanitsa masabata 6, ndiponso akakwanitsa masabata 10. Ena mwa madonthowo ndi a poliyo, koma ena ndi katemera wa kachilombo kotchedwa rotavirus. Madontho ameneŵa sitilipira. Tsono nkoyenera kuti makolo ndi achinyamata tidziŵe kumene anachokera, ndi amene amaŵalipira m'malo mwathu.

Mdani wa makanda

Rotavirus ndi kachilombo kamene kamachititsa khanda kusanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri. Madzi amatha msanga m'thupi, maso amaloŵa, liwombo limatsika, ndipo mwana amene dzulo ankaseka angathe kumwalira maŵa. Kale makolo ambiri ankati ndi mano akumera, kapena ankaloza chala mnansi. Kachilomboka kanadziŵika m'chaka cha 1973, pamene Ruth Bishop ndi anzake anakaona ndi makina oonera zinthu zing'onozing'ono mumzinda wa Melbourne ku Australia.

Katemera atapangidwa, anayamba wayesedwa ku Europe ndi ku America. Komabe funso linatsala: kodi adzathandiza ana a ku Africa, kumene njala ndi matenda ena zimafooketsa thupi? Yankho silikanapezeka kwina koma kuno komwe. Akatswiri a ku College of Medicine ku Blantyre, pamodzi ndi anzawo a ku Liverpool monga Nigel Cunliffe, anachita kafukufuku pa makanda oposa 1,700 amene makolo awo anavomera. Anapeza kuti m'Malaŵi katemerayo amateteza pafupifupi theka la ana ku matenda aakulu a rotavirus. Theka likuoneka lochepa, koma popeza nthendayi inali yochuluka kwambiri kwathu kuno, ana opulumuka anali ambiri. Umboni umenewu, pamodzi ndi wa ku South Africa, unathandiza bungwe la World Health Organization kulangiza m'chaka cha 2009 kuti maiko onse aziupereka katemerayu.

Aphungu a ku Mzimba pa mpando wa zaumoyo

Kafukufuku akatha, ntchito imafika m'manja mwa atsogoleri. Pa 29 October 2012 dziko la Malaŵi linayamba kupereka katemera wa rotavirus kwa makanda onse. Nduna ya Zaumoyo nthaŵi imeneyo anali a Khumbo Kachali, phungu wa dera la kum'mwera chakumadzulo kwa Mzimba, amene analinso wachiŵiri kwa Pulezidenti. Ataŵachoka pa undunawo kumapeto kwa chaka chomwecho, analoŵa m'malo ndi a Catherine Gotani Hara, phungu wa kumpoto chakum'maŵa kwa Mzimba, amene m'chaka cha 2019 anadzakhala mayi woyamba kukhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Motero zaka zoyamba za katemerayu zinayendetsedwa ndi aphungu aŵiri a boma limodzi la Mzimba.

Zipatso zake zinaoneka. Kafukufuku wina wa ku Mchinji, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2018, anasonyeza kuti imfa za makanda zodza ndi kutsegula m'mimba zinachepa ndi pafupifupi gaŵo limodzi mwa magaŵo atatu. Tikayang'ana dziko lonse, kalembera wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Katemera, maukonde oteteza ku udzudzu ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi zonse zinathandizana pa kutsika kumeneku.

Ndalama zake ndi za yani?

Apa mpamene pagona nkhani. Gaŵo lalikulu la mtengo wa katemerayu linalipidwa ndi bungwe la Gavi, boma lathu nkuwonjezapo pang'ono. Kafukufuku wambiri wa matenda a ana walipidwanso ndi mabungwe akunja monga Wellcome Trust. Tiyenera kuthokoza, koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno. M'chaka cha 2025 dziko la America linadula thandizo lake lambiri la zaumoyo, ndipo maiko a mu Africa anaona kuti chakudza ndi mlendo chingathe kuleka tsiku lililonse.

M'chaka cha 2001, mumzinda wa Abuja ku Nigeria, atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya ndalama za boma ku zaumoyo. Kwa zaka zambiri Malaŵi wakhala akulephera kufika pamenepo. Amene amakambirana ndi kuvomereza ndondomeko ya ndalama za boma chaka chilichonse ndi aphungu. Pamene dzanja la phungu likukwera m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, likukhudza firiji yosungira katemera pa chipatala cha Mzimba, mafuta a ambulansi, ndi malipiro a anamwino a pa chipatala cha mishoni cha Embangweni, amene amachokera ku boma kudzera m'bungwe la CHAM.

Mbali yathu

Makolo okondedwa, phungu akabwera kumsonkhano tisamangomupempha bokosi la maliro ndi simenti. Timufunse mwaulemu kuti ananena chiyani za ndalama za zaumoyo ndi za kafukufuku, pakuti bokosi limadza mwana atapita kale. Kunyumba, tisadumphe tsiku la sikelo ngakhale ntchito ya kumunda ichuluke. Mwana akatsegula m'mimba, mayi apitirize kumuyamwitsa, ampatse madzi a Thanzi, ndipo athamange naye kuchipatala dzuŵa lisanaloŵe. Abambonso njinga ili m'manja mwanu.

Inu achinyamata, pa Embangweni panayamba ntchito ya chipatala pamene Dr. Agnes Fraser anafika ndi amuna ake a Donald Fraser m'chaka cha 1902. Mankhwala ndi nzeru zinkachokera kutali. Lero sukulu zilipo: Ekwendeni College of Health Sciences ili m'boma lomwe lino la Mzimba, ndipo Kamuzu University of Health Sciences imaphunzitsa madokotala ndi akatswiri a kafukufuku. Limbikirani masamu ndi sayansi, kuti katemera wotsatira adzayesedwe ndi manja a ana a kuno.